Kalata kwa oyang'anira chikhalidwe ndi maphunziro: za Gogo Esther Mahlangu ndi amayi athu olocha makoma

Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe, a Nduna a zamaphunziro, akuluakulu a nthambi ya Museums and Monuments, komanso inu mafumu athu,

Ndakupatsani moni nonse mwaulemu. Ndine mayi wa ku Dedza, koma ndakhalitsa kuno ku Johannesburg, kumene ndimasoka zovala. Ndakhala ndi mawu awa pamtima kuyambira kumayambiriro kwa 2025, tsiku limene ndinalowa mu Wits Art Museum ku Braamfontein kukaona ntchito za manja a Gogo Esther Mahlangu. Ndinalowamo ngati munthu wongofuna kuona zokongola, koma ndinatuluka mtima uli kwa agogo anga ondiberekera amayi, amene anamwalira kalekale. Palibe khoma lawo ngakhale limodzi limene latsala, ndipo palibe pepala lililonse m'dziko lathu limene linalemba kuti iwo anali mmisiri. N'chifukwa chake ndikulembera inu osati eni ake a dziko lino. Koma loleni ndiyambe ndafotokoza za mayi ameneyu, popeza pempho langa likuchokera pa moyo wake.

Esther Mahlangu anabadwa pa 11 Novembala 1935 pa famu ina kufupi ndi Middelburg, m'chigawo chimene lero chikutchedwa Mpumalanga. Ndi wa mtundu wa Andebele. Mukamva zoti anabadwira pa famu musaganize kuti inali ya makolo ake. Mu 1883 Andebele a Ndzundza, pansi pa mfumu yawo Nyabela, anagonja kwa Mabunu atawazinga miyezi yambiri m'mapanga a kufupi ndi Roossenekal. Malo awo analandidwa, mabanja anagawidwa m'mafamu a azungu kuti akagwire ntchito yokakamizidwa kwa zaka 5, ndipo ambiri sanabwererenso kwawo. Mtundu unamwazikana ngati mapira otayika pabwalo. M'mibadwo yotsatira, pa malo a eni, amayi a mtunduwu anakulitsa luso lolocha makoma a nyumba zawo. Munthu wodutsa pamsewu ankati akaona mizere yakuda yochindikala ija ndi timabokosi tamitundumitundu, ankadziwa kuti pano pakukhala Mndebele. Analibe mfumu pafupi, analibe munda wawowawo, koma khoma linkanena kuti iwo ndi ndani.

Luso limeneli linali la amayi, ndipo mwana wamkazi ankaliphunzira kwa amake ndi agogo ake monga mmene ankaphunzirira kusinja ndi kutunga mikanda. Mtsikana ankayenera kulidziwa asanakwatiwe, chifukwa akapita kubanja adzalocha nyumba yake, ndipo anthu adzaweruza kakulidwe kake poona mizere yakeyo. Ankalocha m'nyengo yopanda mvula, makamaka anyamata akamapita kuchinamwali. Poyamba ankagwiritsa ntchito dothi la mitundu yosiyanasiyana ndi ndowe za ng'ombe, n'kumakanda mizere ndi zala dothi lisanaume. Penti wa m'sitolo anabwera pambuyo pake, ndipo ndi amene anabweretsa mitundu yowala imene anthu akuidziwa lero.

Esther anayamba ali ndi zaka 10. Nkhani ya mmene anayambira amaifotokoza yekha kawirikawiri, ndipo ine inandigwira kwambiri. Amayi ake ndi agogo ake akapita kukapuma, iye ankaba mpata n'kuyesa kulocha pakhoma. Akabwerako ankamukalipira kuti wawaonongera ntchito, mizere yake ndi yokhota. Sanaleke. Potsiriza anamupatsa kuseri kwa nyumba, kumene alendo saona, kuti aziphunzirira kumeneko, ndipo iwo ankapita kukayendera. Patapita nthawi anamuitana kuti abwere adzaloche kumaso kwa nyumba. Akuti pamenepo ndi pamene anadziwa kuti walidziwa luso. Chionetsero chimene ndinakaona chija anachipatsa dzina kuchokera pa mawu ake amenewa.

Taganizirani sukulu imeneyo, Olemekezeka. Inali ndi aphunzitsi awiri, inali ndi kalasi yoyamba kuseri kwa nyumba, inali ndi mayeso, inali ndi tsiku lokhoza. Panalibe bolodi kapena choko, koma mwana anatulukamo wodziwa kukoka mzere wowongoka kuchokera pangodya kukafika pangodya ina popanda rula, popanda chingwe, popanda kuyamba walemba papepala. Burashi yake ndi nthenga za nkhuku zomangidwa pamodzi, ndipo sanazitaye ngakhale atatchuka. Ine ndimasoka, ndipo ndikudziwa mmene dzanja limanjenjemerera ukamadula nsalu yodula popanda choko. Ndinaima pafupi kwambiri ndi chojambula chake chimodzi, mpaka mlonda anandiyang'ana. Ukayandikira umaona kuti mzere uja ndi wa dzanja la munthu, uli ndi potupa pang'ono pamene nthenga inaviikidwanso mu penti. Ukabwerera m'mbuyo mapazi atatu, zonse zimakhala chilili, mbali ya kumanja yofanana ndi ya kumanzere ngati anachita kupinda pepala. M'munsi mwake analembamo dzina lake ndi chaka, zilembo zikuluzikulu za munthu amene sanakhale pa desiki ya sukulu. Dzina limenelo ndi limene landilembetsa kalata ino.

Kuyambira 1980 mpaka 1991 ankagwira ntchito ku Botshabelo, malo a mishoni yakale kufupi ndi Middelburg, kumene kunamangidwa mudzi wachindebele woonetsa alendo. Anali kale mayi wamkulu, wa zaka zopitirira 40, wolocha makoma kuti odzaona malo ajambule zithunzi. Akanatha kutsirizira moyo wake pomwepo, ngati mmodzi mwa "amayi achindebele" opanda dzina amene amaoneka pa mapositikhadi. Chimene chinasintha zinthu n'chakuti mu 1986 kunabwera anthu ochokera ku Paris amene ankayendayenda m'maiko kufunafuna amisiri oti akaonetse ntchito zawo. Anaona nyumba yake, anaijambula, kenako anachita chinthu chimene ambiri sachita: anafufuza mwini wa manja amene analocha khomalo mpaka anamupeza. Mu 1989 anakwera ndege kupita ku France ku chionetsero chotchedwa Magiciens de la Terre. Kumeneko anamumangira nyumba yofanana ndi yake, iye n'kuilocha ndi nthenga zake zomwe zija. Anali ndi zaka 53.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. N'zoona, koma mwambi umenewu umandipweteka ndikauika pa nkhani iyi. Khoma lija linalipo zaka zonsezo, anthu a m'dziko lake ankalidutsa tsiku ndi tsiku, boma la tsankho la nthawiyo linkakonda kuonetsa zithunzi za midzi yachindebele pokopa alendo, koma anachita kuchokera kutsidya kwa nyanja munthu wofunsa kuti walocha ndani.

Zitatero zitseko zinayamba kutseguka motsatizana. Mu 1991 kampani ya BMW inamupatsa galimoto ya mtundu wa 525i kuti ailoche. Inali ya nambala 12 pa mndandanda wa magalimoto amene kampaniyo inkapereka kwa amisiri otchuka monga Alexander Calder, Roy Lichtenstein ndi Andy Warhol. Onse amene anamutsogolera anali amuna. Iye anali mkazi woyamba, komanso munthu woyamba wa mu Africa. Mu 1994 analocha khoma ku National Museum of Women in the Arts mumzinda wa Washington. Mu 2006 boma la South Africa linamupatsa mendulo ya Order of Ikhamanga ya siliva. Mu 2014 a Virginia Museum of Fine Arts ku America anamuitana kuti akawajambulire zithunzi ziwiri zikuluzikulu. Mu 2018 University of Johannesburg inamupatsa digiri yaulemu ya udokotala, ndipo mu 2024 yunivesite ya Unisa inachitanso chimodzimodzi poyamikira masamu amene ali m'mizere yake. Chaka chomwecho ku London, pabwalo la Serpentine, anaimika khoma lake la matabwa 16 lotchedwa Umuntu ngumuntu ngabantu, mawu amene Mmalawi aliyense angawamve popanda womasulira, chifukwa ndi umunthu wathu womwewu.

Kulikonse kumene wapitako amavala bulangete lake lamizeremizere, mikanda, ndi mphete zachitsulo m'khosi, m'manja ndi m'miyendo. Amalankhula Chindebele, ena n'kumamasulira. Ndipo akamaliza amabwerera kwawo ku Mabhoko, kufupi ndi Siyabuswa, kumene anatsegula kasukulu kuseri kwa nyumba yake kophunzitsa ana kulocha ndi kutunga mikanda. Ananena kambirimbiri kuti mantha ake ndi oti lusoli lingafe pamodzi ndi okalamba. Ndimaona kuti chanzeru chachikulu chimene anachita n'kusamutsa luso la pakhoma n'kuliika pansalu yojambulapo ndi penti wosasuluka. Khoma silingakwere ndege, silingagulitsidwe, ndipo mvula ikagwa limafufutika. Nsalu imayenda, imakhala, ndiponso ili ndi malo olembapo dzina. Ena amati potero analichotsa lusoli pamalo pake n'kulisandutsa malonda. Ine sindikuvomereza. Mayi amene akudya thukuta la manja ake sanagulitse mwambo, ndipo makoma a kwawo sanasiye kuwalocha.

Komabe sindikufuna kuti muone ngati zonse ndi zokoma. Galimoto ija ya 1991 imakhala ku Germany, ndipo inachita kubwera ngati mlendo ku chionetsero cha 2024, chimene chinayambira ku Iziko South African National Gallery ku Cape Town chisanafike kuno. Panali patapita zaka zoposa 30 ana a kwawo asanaione ndi maso. Chionetsero chachikulu chotere, chosonkhanitsa ntchito za moyo wake wonse, chinachitika iye ali ndi zaka 88. Ndipo mu Malichi 2022, gogo wa zaka 86 ameneyu anamenyedwa ndi kuberedwa m'nyumba mwake momwe. Tinamva pa wailesi, ndipo kuntchito kwathu makina anaima kwa kanthawi. Munthu amene dzina lake lili m'nyumba zosungira zaluso za ku Ulaya ndi ku America analibe chitetezo chokwanira pakhomo pake. Mamendulo ndi madigiri n'zabwino, koma sizitseka chitseko usiku. Kuwonjezera apo, mukayenda m'misika ya kuno mupeza mizere yachindebele pa makapu, pa nsalu, pa nsapato, pa zikwama, zambiri zopangidwa m'mafakitale akutali, ndipo amayi a ku Mpumalanga amene agogo awo anayambitsa zimenezi sapezapo ngakhale senti.

Tsopano ndibwere kwathu.

Agogo anga ankalocha nyumba chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira, ndiponso pakakhala chinkhoswe kapena ukwati pamudzi. Ntchito inkayamba masiku angapo m'mbuyo, ndi ulendo wokakumba dothi. Ankadziwa dambo lopezeka makande akuda bii, ankadziwa chulu cha katondo wofiira bwino, ndipo dothi loyera ankakalitenga kutali, kutsidya kwa mtsinje, kumene tinkanyamuka m'mamawa ndi madengu n'kubwerako dzuwa lili paliwombo. Lachikasu linali losowa, ankalisunga m'kamphika kosweka kukhitchini ngati mchere. Akafika ankalinyika m'madzi usiku wonse, m'mawa n'kulisefa ndi manja kuchotsa timiyala. Ankayamba ndi kuzira pansi ndi pakhonde, n'kukulungiza ndi nkhulungo mpaka pansi pachita kung'anima. Kenako khoma. M'munsi ankadutsitsa lamba wakuda wofika m'mawondo kuzungulira nyumba yonse, pamwamba pake kamzere koyera, ndiyeno timapiri tosongoka tofiira totsatizana ngati mano a sowo. M'mbali mwa chitseko ankaikamo maluwa awiri, lina uku lina uku, ndipo pafupi ndi zenera nkhanga yokhala ndi madontho oyera amene ankawadinda ndi nsonga ya chala. Burashi yawo inali kansanza ndi chitsononkho. Ife ana ankatilola kudinda zikhatho zathu kukhoma la khitchini basi, osati la nyumba yaikulu. Lero ndikuzindikira kuti kukhitchini kuja kunali kuseri kwa nyumba kwa Esther, kalasi yathu yoyamba.

Amayi a m'mudzi ankabwera kudzaona, ena n'kupempha kuti akawayambire mzere woyamba kwawo. Aliyense ankadziwa dzanja la mnzake. Ukaona nkhanga unkadziwa kuti ndi agogo anga, ukaona nsomba unkadziwa kuti ndi mayi a kumunsi kuja amene anakulira kunyanja. Mvula ya Januwale ikawomba, matope a m'khonde ankathovukira pa lamba wakuda uja, maluwa n'kuyamba kutsika misozi, pofika Malichi n'kutsala mthunzi chabe. Agogo sankadandaula. Ankati chaka chamawa tidzaikapo zina.

Tsiku lina, ndili ndi zaka ngati 12, panaima galimoto pamsewu. Munatuluka anthu atatu, mmodzi wa kwathu konkuno, awiri akunja. Anajambula khoma lija kumaso ndi m'mbali, anajambulanso agogo ataima pakhomo manja ali mbuu ndi dothi. Anawapatsa ndalama yogulira sopo, anathokoza, n'kumapita. Palibe anafunsa dzina lawo, ngakhale wa kwathu uja amene ankalankhula Chichewa. Patapita zaka zambiri ndinaona chithunzi chofanana ndi chimenecho chitapachikidwa pamalo ena ogona alendo kunyanja, cha mayi wina ndi khoma lake, pansi pake atalemba m'Chingerezi kuti nyumba ya kumudzi. Osati dzina la mayiyo, osati mudzi wake. Kusiyana kwa agogo anga ndi Gogo Mahlangu sikunali m'manja ayi. Mwina mmodzi anali waluso kuposa mnzake, zimenezo sindingaweruze. Kusiyana kwake n'kwakuti wina anafunsidwa dzina, wina sanafunsidwe.

Nyumba ija inagwa agogo atamwalira. Pamalopo pali ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo ndine ndemwe ndinatumiza ndalama zomangira. Sindikudandaula kuti abale anga akugona mosadontha, ndipo musamve ngati ndikupempha kuti anthu akhale m'nyumba zaudzu n'cholinga choti alendo azisangalala. Koma khoma la simenti siligwira dothi, penti ndi wodula, ndipo amene amapaka penti pa nyumba ya malata ndi mnyamata waganyu, osati mayi wa pakhomopo. Motero luso limene linali m'manja mwa amayi likuchoka mwakachetechete, popanda maliro. Mwana wa mchemwali wanga sadziwa kumene kumapezeka dothi loyera. Sanalakwe, palibe anamutengako.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kwathu ku Dedza ndi kumene kuli umboni wakuti amayi athu akhala akujambula pamakoma kuyambira kale. Mapanga a Chongoni analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndipo ali ndi malo 127 okhala ndi zojambula. Zofiira zija amati ndi za Akafula, koma zambiri mwa zoyera zija ndi za Achewa, ndipo zina mwa izo zikukhudza chinamwali cha atsikana, ntchito ya anamkungwi. Timanyadira Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, timatengerako alendo, ndipo n'koyenera kutero. Koma mlendo yemweyo akamatsika phiri amadutsa m'midzi momwe zidzukulu za amayi amenewo zikulocha makoma ndi dothi loyera, ndipo palibe womuuza kuti aime aone. Tikulemekeza manja a akufa amene maina awo sitingawadziwenso, pamene manja a amoyo, amene tingathe kuwafunsa maina lero lomwe, tikuwadutsa.

Dziko lathu likudziwa kuteteza chikhalidwe likafuna. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, Tchopa mu 2014, ngakhale nsima yathu mu 2017. Kuti zimenezi zitheke panali anthu a m'maofesi anu amene anayenda m'midzi, analemba, anajambula, anakhala pansi ndi eni ake. Ku Mua, malo a Kungoni amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976 aonetsa kuti osema mitengo angathe kuphunzitsidwa, kudziwika ndi maina awo, ndi kudyetsa mabanja awo. Nanga n'chifukwa chiyani ntchito yofananayo sinachitikire amayi olocha? Ndikuganiza kuti yankho lake tonse tikulidziwa. Mwamuna akasema mtengo timati mmisiri. Mkazi akalocha khoma timati akusamala pakhomo, ngati kusesa kapena kutsuka mbale. Sitinaione ngati ntchito yaluso chifukwa woigwirayo ndi amene amatiphikira.

Pempho langa loyamba ndi laling'ono moti mwina mudabwa. Lembani maina. A Museums and Monuments, tumizani anthu anu m'maboma m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene makoma ali atsopano mvula isanawafufute. Safunika zipangizo zodula, foni yojambula bwino ndi kope n'zokwanira. Pa khoma lililonse alembe dzina la mayi, mudzi, mfumu, chaka, kumene anatenga dothi, amene anamuphunzitsa, ndi dzina limene iye mwini amatchula chojambulacho. Amufunse kaye ngati akulola, ndipo amusiyire chithunzi chake. Zithunzizo zikasungidwe ku Chichiri, ku Karonga ndi kwina kulikonse kumene muli ndi nyumba, ndipo tsiku lina muzipachike kuti anthu a m'tauni adzaone, eni ake ataitanidwa n'kukhala pamipando ya kutsogolo. Ophunzira zaluso a ku yunivesite ku Zomba angathe kugwira ntchito imeneyi pa tchuthi, aliyense m'boma la kwawo. Ndikunena za Dedza chifukwa ndiko ndikudziwa, koma aliyense woyenda pa basi m'dziko lathu waonapo makoma otere pawindo.

Kwa inu a zamaphunziro, ndi akatswiri a ku Domasi amene mumakonza silabasi: ana athu a pulayimale ali ndi phunziro la Expressive Arts. M'sukulu zambiri za kumudzi mulibe penti, mulibe mapepala ojambulira, ndipo mphunzitsi amangolemba notsi pabolodi za zinthu zimene ana sadzazigwira. Koma kuseri kwa sukulu yomweyo kuli dambo, kuli chulu, ndipo m'mudzi woyandikana nawo muli gogo wodziwa kusakaniza mitundu inayi ya dothi. Muloleni alowe m'kalasi ngati mphunzitsi, ndipo mumulipire ngati mphunzitsi, osati kumuthokoza ndi botolo la zakumwa. Mupatseni khoma limodzi la sukulu. Anyamata aphunzire nawo, monga mmene Gogo Mahlangu amalandirira ana onse pasukulu yake. Ndipo ngati yunivesite yaikulu ngati Unisa inaona masamu m'mizere ya mayi amene sanapite kusukulu, mphunzitsi wa Sitandade 5 angathenso kuphunzitsa za ngodya, za kufanana kwa mbali ndi za kubwereza kwa mapatani pogwiritsa ntchito khoma la agogo a mwanayo. Mwana amene waona kuti agogo ake amadziwa masamu sadzawaonanso ngati mbuli.

Pali nkhani ya umwini imene ndikufuna muiganizire isanafike povuta. Tili ndi bungwe la COSOMA ndi lamulo loteteza umwini wa zaluso, koma mayi wa kumudzi sadziwa kuti zimenezi zikumukhudza. Tsiku limene wina adzajambule nkhanga ya pakhoma lake n'kukaidinda pa zitenje zikwizikwi, adzadandaula kwa yani, ndipo adzaonetsa chiyani ngati umboni? Kaundula wa maina uja ndiye umboni wake. Zimene ndikuona m'misika ya kuno zisadzachitike kwathu tili maso. Ndipo boma likamamanga zipatala, misika, mabwalo a ndege ndi maofesi, limalemba ntchito anthu opaka penti. Bwanji khoma limodzi pa nyumba iliyonse yotere lisaperekedwe kwa amayi a m'deralo, ndi penti wokhalitsa, ndi malipiro olembedwa pa mgwirizano, ndi kachikwangwani ka maina awo pambali? Gogo Mahlangu anasintha kuchoka ku dothi kupita ku penti, ndipo dzanja lake silinasokonezeke. Amayi athu nawonso sangalephere.

Inu mafumu athu, Gogo Chalo, nkhani iyi ili m'manja mwanu kuposa mmene ilili m'manja mwa a ku Lilongwe. Ndinu mukudziwa kuti m'mudzi mwanu wodziwa kulocha ndani. Ndinu mumagawa malo, choncho ndinu mungateteze dambo la makande ndi dzenje la dothi loyera kuti wina asalitchingire mpanda amayi n'kusowa kolowera. Pa Kulamba ku Mkaika, pa Umhlangano ku Ntcheu, pa Mulhako ku Chonde, timaona magule, zovala ndi zakudya. Ikanipo khoma, ngakhale la zidina zosaotcha, loti amayi aloche anthu akuona, ndipo wolengeza atchule maina awo pa chimkuzamawu monga mmene amatchulira magulu a gule. Mfumu ikaima pakhomo pa mayi n'kuyamikira khoma lake pamaso pa anthu, atsikana a m'mudzimo adzafuna kuphunzira chaka chomwecho.

Mwina mudzati dziko lili ndi mavuto aakulu, njala, mankhwala, mafuta, ndipo za makoma zidikire. Ndikuwadziwa mavutowo, ndi amene anandibweretsa kuno. Koma amayi odziwa lusoli ndi okalamba, ndipo sadikira bajeti. Esther Mahlangu anafunsidwa dzina ali ndi zaka za m'ma 50, ndipo anakhala ndi moyo wautali woti dziko limudziwe. Agogo anga sanafike zaka 70. Mng'ono wawo alipo, maso ayamba kuchita khungu koma akukumbukira bwinobwino njira ya kutsidya kwa mtsinje kuja. Disembala akubwerayu ndikupita kumudzi, ndipo ndagwirizana nawo kuti atitsogolere ine ndi ana a mchemwali wanga kukakumba dothi loyera. Khitchini yathu ikadali ya dothi, tidzalocha imeneyo. Ndidzajambula, ndidzalemba dzina lawo, la agogo anga, ndi la mayi wa nsomba uja, ndiponso ndidzayenda nyumba ndi nyumba m'midzi itatu yoyandikana nafe. Pobwerera kuno mu Januwale ndidzadzera ku ofesi yanu ndi kope limenelo. Ndikupempha kuti ndidzapeze munthu wolilandira ndi shelefu yoliikapo.

Ine wanu,
Mdzukulu wa mayi wolocha makoma wa ku Dedza,
wokhala ku Johannesburg